Usandisamutse ku Linga

Shaibu mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano, iwe utapita ku Dwangwa kukatsanzika mlongo wako Zainabu. Kalatayi ndiibisa pansi pa kathumba ka mpunga m'chikwama mwako, kuti ukaipeze uli kale ku Joni, kumene sungandidule mawu. Ee, ndanena. Umandidula mawu iwe. Ndikangoti "koma nkhani ya nyumba ija," iwe ndiye "Amayi, mudzaona nokha ikatha," n'kutuluka foni ili kukhutu. Lero ndiye undimva mpaka ndimalize.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Puloti unagula kumsewu wa tala ija, njira yopita ku Dwangwa, ndinaiona. Njerwa unaumba ndi manja ako, ndipo uvuni unapsa bwino moti amisiri akuuyamikira. Mawa ukukwera basi kukasaka malata ndi simenti kudziko la eni, kuti amayi ako akagone m'nyumba yoti galimoto izifika pakhomo penipeni. Ndi ana angati amene amawaganizira makolo awo choncho? Ndikamapita kumsika masiku ano ndimayenda monyada, anzanga mpaka amandinena kuti ndayamba matama. Koma tamvera, mwana wanga. Ine ku Linga kuno sindikufuna kuchokako. Nyumba imeneyo umange, koma usandimangire ine. Usakwinye pepalali, werenga kaye.

Usaganize kuti ndinabadwa ndikukukonda kuno. Ine ndine wa ku Mwadzama, ukudziwa, kumene nyumba ya mnzako umaiona patali, pakati pali munda wa chinangwa. Bambo ako atanditenga n'kundibweretsa m'nyumba ino ya makolo awo, ndinaona ngati andilowetsa m'khola la nkhunda. Mpanda kugundana ndi mpanda, madzi a denga lathu kugwera pabwalo la anzathu. Woyandikana naye akatsokomola ine ndinkati "pepani," kuyesa kuti ali m'nyumba mwathu. Ndinkayankhula monong'ona, chitseko chotseka usana wonse. Tsiku lina ndinawauza bambo ako kuti, "Inu, kuno munthu angapume bwanji? Tiyeni kwathu, malo alipo ambiri." Iwo ali pa makina awo osokera anangoseka, nati, "Dikirani kaye mango apse." Mango anapsa, anatha, anapsanso, ndipo nkhani yopita kwathu sindinaiyambenso.

Nditangofika kumene ndinapita ndekha kumsika kukagula usipa. Kupita sikunavute, ndinangotsata azimayi a mabeseni. Pobwera, abale inu, tinjira tonse tofanana! Uku mpanda wa bango, uko mtengo wa mango, kutsogolo khoma lakale logumuka mbali imodzi. Ndikakhota ndimapezeka pachitsime chomwe chija. Kufunsa ndinkachita manyazi, poti mkazi wapabanja angafunse bwanji njira ya kunyumba kwake? Ndinazungulira mpaka ntchentche zinayamba kundiperekeza. Kenaka mayi wina amene ankapeta mpunga pakhonde pake anati, "Mtengwa wa atelala, mwadutsa pano kokwanira, ife chizungulire chatigwira. Chitseko chobiriwira chili kuseri kwa tsinde la mango icho si chanu?" Ha! Ndinali m'kanjira kathu komwe kano, kungoti ndinalowera mbali ina. Mayi ameneyo ndiye Abiti Hamisi a khomo loyandikana nafe, nthawi imeneyo adakali ndi mano onse. Ine sindinkawadziwa chifukwa cha kudzitsekera kuja, koma iwo ankadziwa dzina langa, kwathu, ndi ndiwo zimene ndinapsereza dzana lake.

Ndiye ku Joni ukasochera, Shaibu, chifukwa aliyense amasochera, funsa njira. Usayende ndi manyazi ngati amayi ako. Ndiponso uziyamba wapereka moni kwa anthu masiku amene sukufuna kanthu kwa iwo. Moni wa tsiku la mavuto anthu amauzindikira msanga.

Kabati yaikulu ili kuchipinda kwangayi ukuidziwa, ya kalilole pakati. Sunafunsepo kuti inalowa bwanji muno. Bambo ako chaka china anasoka mayunifolomu ambiri a ana asukulu, mitima yathu inakwera, tinati nafenso tikhale ndi chinthu choti mlendo akalowa aone. Anakaitanitsa kabatiyo kwa kalipentala ku Dwangwa. Ine ndinawauza kuti ikhale yaikulu kuposa ya aliyense m'kanjira muno, ndipo kalipentalayo anamvera zedi. Lole inaitsitsa kumsewu pafupi ndi msika, anyamata anaisenza, inayenda bwinobwino mpaka pangodya ya khoma lakale lija. Pamenepo inakana. Anaigoneka, anaiimika, anaitembenuza, koma ayi ndithu. Linga yense anasonkhana kudzaonerera, ana mpaka kukwera m'mitengo. Bambo ako thukuta lili kamukamu, ine ndikufuna nthaka ing'ambike ndilowe.

Amene anatipulumutsa ndi a Chirwa, aphunzitsi aja a khomo la kumunsi kwathu. Anavula jekete nati, "Kabati iyi siyenda pansi, iyenda m'mwamba." Inadutsa pamwamba pa mipanda, kuchoka m'manja mwa banja ili kupita m'manja mwa banja linalo, kudutsa pabwalo la anthu amene anali pakati pa kudya, iwo kungosuntha mkeka n'kuimirira kudzagwira nawo. Inafika kuno itakalika mbali imodzi, chipsera chake chilipo mpaka lero. Anthu anatiseka chaka chathunthu. Mwana akasenza mtolo waukulu wa nkhuni amamufunsa kuti, "Kodi ndi kabati ya atelala?" Koma palibe amene anapempha ngakhale kapu ya tiyi pa ntchito imene ija. Iwe ukayamba kulandira ndalama kumeneko, usathamangire zinthu zikuluzikulu zoti anthu aone. Yamba waona njira imene chinthucho chidzere. Ndipo munthu akatambasula manja kuti akuthandize, usaume khosi ngati mmene umachitira kuno.

Mwina ukufunsa kuti chimene ndikukakamira kuno n'chiyani, nyumba yake yamakedzana, pansi pake pong'ambika. Ndikuuze. Ndikadzuka sindiyang'ana wotchi, kuitana kwa kumzikiti kumandipeza pamphasa. Lamulungu belu la kumishoni likalira ndimadziwa kuti mayi Chirwa adutsa ndi chitenje chawo cha kwaya kudzabwereka mpango. Mchere ukatha ndimasiya poto pamoto, kupita kumsika n'kubwera ndiwo zisanapserere. Nsomba ndimagula kwa anthu amene ndinaona amayi awo ali ndi pakati, ndiye sangandipatse ya dzulo. Sitima ikafika kudoko phokoso lake timalimva tili pakhonde, n'kuyamba kulosera amene atsike. Mitengo ya mango imene imatipatsa mthunzi uno palibe amene akudziwa anaidzala, ndipo nkhalamba zonse zimati zinaipeza ili yaikulu kale. Ine ndimakonda zimenezi, Shaibu. Ndikamayenda m'tinjira timeneti mtima wanga umakhala m'malo.

Alendo amabwera ndi makamera kudzajambula mkuyu waukulu uja ndi makoma akalewa, ana n'kumawathamangira. Mmodzi anandijambula ndikusenda chinangwa, kaya chithunzicho anapita nacho kuti. Iwo amaona zakale, ife timaona poyanika zovala. Sindikunena kuti mbiri ya kuno yonse ndi yokoma. Agogo ako aamuna ankatiuza kuti kalekale anthu ankamangidwa kuno kudikira zombo zowawolotsa nyanja, ndipo ponena zimenezi ankatsitsa mawu. Sitibisa. Koma zidzukulu za omanga ndi za omangidwa lero zikutunga pachitsime chimodzi, zinakwatirana mpaka sungazisiyanitse. Kumeneko akakufunsa kwanu, usamangoti Malawi basi. Uziti ku Linga, ku Nkhotakota, ndipo uzinena mosachita manyazi.

Zoipa za kuno ndikuzidziwa kuposa iwe, usandiwerengere. Mvula ikagwa kanjira kamasanduka mtsinje, nkhuku za eni zimalowa mpaka kukhitchini. Wailesi ya mnzako umamvera kaya ukufuna kaya sukufuna. Nanga miseche! Tsiku limene Zainabu anaima kudoko ndi mnyamata amene lero ndi mlamu wakoyu, nkhani inafika kuno iye asanafike, ndipo inafika itavala kale nsapato ndi chipewa. Ndinapsa mtima tsiku limenelo, ndinati anthu a kuno alibe ntchito. Nawenso uphunzirepo, pakamwa pako uzipasamala. Chimene waona kwa mnzako wogona naye nyumba imodzi chizithera m'maso mwako. Koma dziwa kuti munthu amene amadziwa ndiwo zimene wapsereza ndi yemweyo amadziwanso tsiku limene sunasonkhe moto.

Ukukumbuka nkhuku za a Chirwa? Khirisimasi iliyonse ankabwera m'mawa tambala ali kukhwapa, n'kuima pakhomo. "Atelala, tithandizeni mpeni." Iwo mpeni anali nawo, ndipo kupha nkhuku ankadziwa. Ankafuna kuti bambo ako azinge mwa Chisilamu kuti mbale ikabwera kuno ife tidye osafunsa. Bambo ako atamwalira unayamba kuzinga ndiwe, ndipo chaka chino kaya apita kwa ndani. Mwezi wa Ramadhani ukafika, nthawi yomasula mbale zimayenda m'kanjira muno, iyi ya mpunga, iyo ya zitumbuwa, ndipo ya kwa a Chirwa sitiidumpha ngakhale iwo sanasale. Palibe anakhalapo pansi kupangana zimenezi, tinazipeza. Kumene ukupitako ukakhala ndi anthu a mitundu ina, opemphera mwina, odya zina. Swala yako usasiye. Koma usadzipatule ngati kuti iwe wekha ndiye unasamba. Ukaphika, mnzako wa chipinda chinacho umugawireko, ngakhale pang'ono.

Tsopano ndifike pamene pakukupweteka, chifukwa ndikudziwa kuti nkhani ya puloti inayambira pati. Inayamba m'mawa umene bambo ako anagwa pa makina awo. Galimoto inaima kumsewu chifukwa muno singalowe. Anthu anazula chitseko chathu n'kuwagonekapo, iwe unagwira kutsogolo, ndipo pangodya ya khoma ija unadzikhula chigongono mpaka magazi osamva n'komwe. Kuchipatala anagona usiku umodzi basi. Titabwera kumanda ndinakumva ukuwauza anzako kuseri kwa nyumba kuti, "Galimoto ikanafika pakhomo, bambo akanakhala moyo." Sunadziwe kuti ndili kukhitchini. Kuyambira tsiku limenelo kanjira kano umakayang'ana ngati mdani. Sindikukutsutsa, mwana wanga. Mwina n'zoona, mwina ayi, mwini nthawi ndi Mulungu. Ndimawasowa bambo ako tsiku lililonse, ndipo ndikaona makina awo ataphimbidwa ndi nsalu mtima umandiwawa.

Koma ine m'mawa umenewo ndimaukumbuka mwina. Ndinakuwa kamodzi kokha. Ndisanapeze ndi mpango womwe, m'nyumba munali mutadzaza. A Chirwa anali atayamba kale kugogoda mahinjesi a chitseko. Wina anali atathamangira kumsika kukaimitsa galimoto, sindikudziwa anamutuma ndani. Abiti Hamisi anandimanga chitenje m'chiuno ngati mwana, n'kundiveka nsapato. Iwe unaona kanjira kopapatiza, ine ndinaona kuti chitseko chinalibe malo okwanira manja onse amene ankafuna kugwira. Anthu ankalandizana popanda kuima, uyu akatopa wina walowa kale. Bambo ako sanakhudze pansi kuchoka pano mpaka kumsewu.

Kupuloti kwako ndinapitako kawiri, iwe ukudziwa ulendo umodzi wokha. Wachiwiri ndinakwera minibasi ndekha, ndinkafuna ndikaone ndi maso anga popanda wondilozera kuti apa padzakhala bafa, apa khitchini. Malo ndi abwino, mphepo ikuwomba, galimoto zikudutsa. Ludzu litandigwira ndinapita kwa oyandikana nawo ako. Mpanda wa njerwa wautali, pamwamba mabotolo osweka, geti lachitsulo. Ndinati "Odi!" Anandiyankha ndi galu. Ndinapita kwinako, mwana anasuzumira pakabowo ka geti nati, "Amayi ali kuntchito, anati ndisatsegulire munthu." Sindikuwanena, ndi anthu a ntchito zawo, amachoka m'mawa kubwera madzulo. Ndinabwerera pa njerwa zako n'kukhala pansi, ndipo ndinadzifunsa kuti nditakuwa pano angamve ndani. Ndinayesa ndithu, Shaibu, useke ngati ukufuna. Ndinakuwa kuti "Mayo!" nkhalamba yonse ine, masanasana. Mbuzi ina inadzutsa mutu n'kupitiriza kudya.

Pali chinthu china cha m'kanjira muno chimene unakula ukuchiona koma sunafunsepo, poti iwe m'mawa umadzuka anthu atamaliza. Tikatha swala ya m'mawa azimayi timatuluka ndi matsache. Aliyense sasesa pakhomo pake pokha. Amayambira pakhomo pake n'kukasiyira pakhomo pa mnzake wa kumtunda. Mayi Chirwa amasesa kudzafika pathu, ine ndimasesa kukafika pa Abiti Hamisi, iwo amapitiriza kwa otsatira, mpaka kumsewu. Munthu amatsegula chitseko n'kupeza pakhomo pake mnzake wamusesera kale. Ukakhala ndi ulendo umanena madzulo ake kuti mawa kulibe, wina akugwirire. Ndili mtengwa ndinkaona ngati n'zaukhondo chabe, ndipo ndinkadandaula kuti masamba a mango wa eni ndisese ine chifukwa chiyani. Apongozi anga anangondiuza kuti, "Sesani, mudzamva."

Ndinamva nyengo yodula nzimbe yapitayi, iwe uli kuntchito ku Dwangwa. Khala pansi ngati waimirira. M'mawa wina kukuzizira ndinadzuka kuti nditenge madzi a swala. Nditawerama pa ndowa nyumba inazungulira, ndinapezeka ndili pansi pakati pa bedi ndi kabati. Dzanja silinkamvera, lilime linalemera, mawu osatuluka. Foni inali patebulo pomwepo, koma kuifikira kunali ngati kupita ku Mwadzama wapansi. Ndinachita mantha, sindikubisa. Ndinamva kumzikiti atamaliza, ndinamva zitseko zikutseguka. Ndinamva tsache la mayi Chirwa likubwera, kudzafika pakhomo pathu, n'kubwerera. Kenaka chitseko cha Abiti Hamisi chinalira, chija cholira ngati mwana wa mbuzi. Iwo anali ataima pakhomo pawo akuyang'ana masamba a mango amene palibe anawasesa.

"Amake Shaibu! Odi!" Ine chete. "Amake Shaibu, mwagonereza kapena?" Chete. Sanafunsenso kachitatu. Ndinangomva akukuwa, "A Chirwa! Bwerani ndi nyundo!" Chitseko chomwe chija anachizulanso, ndipo ine ndinatuluka nditagona pamenepo, ndikuona nthambi za mango zikudutsa m'mwamba. Abiti Hamisi akuthamanga pambali, nkhalamba imene ija, uku akundikalipira kuti, "Inu musayerekeze, ndikasowa wokangana naye ine!" Kuchipatala anati ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo ndafika nthawi yabwino. Ndinagonako masiku ochepa, dzanja linabwerera, ndi lomweli ndikulembera. Mapiritsi amene ndimamwa m'mawa aja si a mawondo ngati mmene ndinakuuzira.

Usamukalipire Zainabu, ndinamuletsa ndine. Ndinawaletsa onse m'kanjira muno, ndinati mwana wanga akamva andinyamula mawa lomwe kukandiika m'nyumba yopanda denga. Ndipo taona zodabwitsa. Linga yemwe uja wa miseche, amene sasunga nkhani ngakhale ya nkhuku yothyoka mwendo, anatseka pakamwa miyezi yonseyi. Unabwera, unadya nawo, unacheza ndi a Chirwa pakhonde pompano, chitseko chili ndi mahinjesi atsopano kumbuyo kwako, ndipo palibe anakutsina khutu. Unafunsa za mahinjesiwo, a Chirwa anati akale anachita dzimbiri. Aphunzitsi athunthu, mkulu wa mpingo, kunama chifukwa cha ine! Ndinathawira kukhitchini kukaseka.

Ndikukuona mmene wakwiyira pofika apa. Ukuti ndiye chifukwa chake muyenera kusamuka, mukhale pamene galimoto ingafike msanga. Koma taganiza bwino, iwe ndiwe wanzeru. M'mawa umene uja ndikanakhala kupuloti kwako, msewu ukanakhala pakhomo, inde. Galimoto zikanadutsa zambirimbiri. Nanga akanaziimitsa ndani? Chitseko chikanakhala chotseka tsiku lonse, mawa lake chotsekabe, mpaka Zainabu adzabwere Loweruka ndi kamtolo ka nzimbe. Galimoto ndi yabwino, mwana wanga, koma simadziwa kuti munthu sanadzuke. Ndipo ngati tsiku langa lidzafike ndili kuno, anthu n'kuthamanga nane osafika nthawi yabwino, usadzanene kuti kanjira kapha amayi. Ndasankha ndekha, mutu wanga uli bwinobwino, ndipo ndine wokondwa.

Nyumba ija imalize. Ndi yako. Udzakwatira, ndipo mkazi wamasiku ano adzafuna bafa la m'nyumba ndi pobzala maluwa, palibe cholakwika. Ine ndizidzabwera kudzaona adzukulu, kugona usiku umodzi kapena iwiri, n'kudandaula kuti kwachita zii, kenaka n'kukwera minibasi kubwerera kwathu. Ukadzakhala kumeneko udzayambe ndiwe kugogoda mageti aja ndi mbale m'manja, mwina mwana uja adzatsegula. Ngati mtima ukukuwawa kuti amayi usawachitire kanthu, malata a pakhitchini akudontha, amenewo ndilandira ndi manja awiri. Pansi pa chipinda changa pakufunika simenti. Koma chitseko usachikhudze. Ndinakumva ukunena kuti udzaika chachitsulo cha maloko awiri chifukwa cha akuba. Ayi, bambo. Chachitsulo a Chirwa sangachizule ndi nyundo yawo ija.

Zina zonse ukuzidziwa, ndakhala ndikukuuza kuyambira uli wamng'ono. Pasipoti yako isachoke pathupi pako. Ndewu ya eni usailowerere, ngakhale wolakwa akuoneka. Uzidya, iwe ukatanganidwa umaiwala kudya, n'chifukwa chake makutu akuonekera patali. Mpunga ndakuikirawu ndi wa kwathu ku Mwadzama, usauthire madzi ambiri, ndipo usauphike wonse sabata yoyamba pofuna kudzionetsa kwa anzako. Juzi ya bambo ako ndaiika pamwamba, akuti kumeneko kumazizira koopsa. Ndi yaikulu pang'ono m'mapewa, koma uvale. Ukamaimba foni usamangoti "zonse zili bwino" ngati wailesi. Zikavuta unene. Ndikudziwa kuti pa zobisa matenda ine ndilibe pakamwa polangizira munthu, komabe ndine mayi wako, ndiye unene.

Ndipo pofuna pokhala, Shaibu, apa ndiye umvetsetse. Anzako akakuuza za chipinda chotchipa kutali, chokhala pachokha, choti palibe wokusokoneza. Usatengeke. Funa kumene kuli anthu okhalitsa, kumene kuli msika pafupi ndi nkhalamba zokhala pakhomo, ngakhale nyumba zake zikhale zakutha ndi zaphokoso. Mzinda uliwonse uli ndi Linga wake, sindinafikeko koma sindikukayika. Kumeneko akakunena, akakuseka kayankhulidwe, akadziwa ndiwo zimene wapsereza. Uwalole. Iwe ukudera nkhawa ine amene ndazunguliridwa ndi anthu mbali zonse, pamene amene akupita kukagona yekha pakati pa alendo ndi iweyo. Usiku ndikamatembenuka pabedi sindiganiza za magazi angawa, ndimaganiza zimenezo.

Mulungu akutsogolere panjira, akutsegulire makomo a ntchito yabwino, akubweze kuno uli wamoyo ndi wonenepako pang'ono. Ndakukhululukira zonse, zakudula mawu zomwe, nawenso undikhululukire pokana mphatso yako. Ukafika, uthenga wako woyamba usakhale wa malipiro kapena mtengo wa malata. Undiuze dzina la munthu amene angagogode pachitseko chako m'mawa ukapanda kutuluka. Ukandiuza limenelo ndigona tulo. La amene angagogode pa changa ukulidziwa kale, n'chifukwa chake sindisamuka.

Ndine amayi ako,
Amake Shaibu